Mwana wochokera kutsidya: mwamulera, nanga boma likumudziwa?

Kuno kwa Milonde, monganso m'madera ena a m'malire m'boma la Mulanje, si chachilendo kupeza pakhomo pali mwana amene anabadwira kutsidya, ku Mozambique. Mayi ake anamwalira cha ku Milange, malume ake anapita kumaliro, pobwerako anabwera naye pa njinga. Kapena agogo anamutenga ali wakhanda poti kuno chipatala chili pafupi. Mwanayo amakula ngati ana ena onse. Amadya m'mbale imodzi ndi anzake, amapita kusikelo, amayamba Sitandade 1, ndipo palibe amamutcha mlendo. Kunena zoona si mlendo ayi. Pamene Angerezi ndi Apwitikizi ankagwirizana mu 1891 kuti mtsinje wa Ruo ukhale malire, anthu a mbali ziwirizi anali kale pachibale, ndipo chibalecho sichinathe.

Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, yomwe inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, dziko lino linasunga anthu othawa kwawo oposa 1 miliyoni, ena mwa iwo pa msasa wa Muloza konkuno. Ambiri anabwerera, koma ena anakwatira n'kukhazikika. Ana ndi zidzukulu za maukwati amenewo ndi amene lero akuwoloka uku ndi uku, pa maliro, pa ukwati, pa tsiku la msika wa Limbuli. Namondwe wa Freddy atafika mu Malichi 2023, madzi sanafunse kuti uyu ndi wa dziko liti. Mabanja anasokonekera mbali zonse ziwiri, ana enanso anasintha makomo.

Nkhani imadzavuta mwana uja akakwanitsa zaka 16, msinkhu wotengera chiphaso cha unzika. Pamenepo amafunsidwa kumene anabadwira, mayina a makolo ake ndi mudzi wawo. Ndipo masiku ano wopanda chiphaso amakhala ngati womangidwa manja. Sangalembetse simukhadi m'dzina lake, sangatsegule akaunti kubanki, sangagule feteleza wotsika mtengo, sangatenge pasipoti, sangavote, ndipo malo ambiri a ntchito amayamba afunsa chiphasocho. Mnyamata amene waphunzira kuno moyo wake wonse, Chipwitikizi sachidziwa n'komwe, amangozindikira kuti m'mabuku a boma mulibe dzina lake, kuno ngakhale kutsidya.

Ine ndimayenda m'makomo ngati wodzipereka pa zaumoyo mumpingo, ndipo ntchito yanga kwenikweni ndi ya zimbudzi, maneti, madzi akumwa ndi makhadi a kusikelo. Koma makhadi omwewo ndi amene amaulula nkhaniyi. Ukapempha khadi la mwana, amayi n'kutulutsa lolembedwa m'Chipwitikizi, kapena n'kuyankha kuti "linatsala kwawo", umadziwa kuti pakhomopo pali ntchito ina imene sinayambike.

Zinthu zitatu zimene timaziyesa chimodzi

Ife tikati "mwanayu ndi wanga, ndinamutenga ali wa miyezi isanu", timakhala tikunena za kulera. Kulera ndi ntchito yaikulu kuposa zonse, ndipo makolo athu sanalakwe ponena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ngakhale Estere wa m'Baibulo analeredwa ndi mbale wake Moredekai makolo ake atamwalira. Koma pamaso pa malamulo pali zinthu zina ziwiri zimene kulera pakokha sikubweretsa. China ndi chigamulo cha khoti chonena kuti inu ndinu kholo kapena womuyang'anira mwanayo mwalamulo. China ndi unzika wake, kapena chilolezo choti akhale m'dziko muno ngati ali nzika ya dziko lina. Cha khoti chimayambira ku ofesi ya Social Welfare ya paboma. Cha unzika ndi zilolezo chili m'manja mwa a Imigireshoni. Kulemba anthu m'kaundula ndi kupereka ziphaso ndi ntchito ya a National Registration Bureau, amene timangowatcha a NRB. Maofesi atatu, mapepala atatu. Kukhala ndi limodzi sikutanthauza kuti enawo abwera okha.

Wina angati, za khoti n'zachiyani pa mwana wa mlongo wanga? Taganizirani mmene timakhalira kuno. Malume amene anakamutenga mwana uja nthawi zambiri ali pachikamwini. Mudzi si wawo, munda si wawo. Iwo ali moyo zonse zimayenda. Akangomwalira, mwana amatsala pakati pa abale a akazi a malume ake, anthu amene alibe naye magazi, pomwe mbumba yake yeniyeni ili kutsidya ndipo mwina inamuiwala. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limawerengera mwana wotengedwa kudzera kukhoti mofanana ndi mwana wobereka. Wongoleredwa uja angathe kuganiziridwa ngati munthu amene ankadalira malemuyo, koma zimenezo zimafuna umboni, ndipo pa nthawi yogawana katundu mboni zimasowa. Amene simukufuna kufika kukhoti, lembaniko wilo n'kumutchulamo mwanayo ndi dzina lake lonse.

Si kuti aliyense wolera mwana wa mbale wake ayenera kumutenga kukhala wakewake. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010, lotchedwa Child Care, Protection and Justice Act, lili ndi njira zopepukirapo. Khoti la ana likhoza kukuikani kukhala womuyang'anira mwana, kapena a Social Welfare akhoza kumuika m'manja mwanu kuti mumulere, iye osasiya kukhala mwana wa makolo ake ndi wa mbumba yake. Kwa mabanja ambiri a kuno njira imeneyi ndi imene ikufanana ndi zimene tikuchita kale, kungoti imakhala ndi pepala. Pepalalo ndi limene mumaonetsa pa chipata, kusukulu, kapena kuchipatala pamene dokotala akufuna wosainira opaleshoni.

Lamulo lakale ndi mlandu umene dziko lonse linamva

Kutenga mwana kuti akhale wako kotheratu kuli ndi lamulo lake, Adoption of Children Act, lomwe tinalandira kuchokera m'nthawi ya atsamunda. Limati wopempha akhale wa zaka zosachepera 25 ndipo akhale wamkulu kwa mwanayo ndi zaka 21, ngakhale kuti pa achibale khoti likhoza kufewetsa. Mwamuna yekha saloledwa kutenga mwana wamkazi pokhapokha pali zifukwa zapadera. Makolo amene ali moyo, kapena amene akumusunga mwanayo, ayenera kuvomera. Kulipira kapena kulandira ndalama chifukwa cha mwana n'koletsedwa. Khoti limasankha munthu woimira mwanayo, kawirikawiri wa ku Social Welfare, amene amafika pakhomo kudzaona pogona, chakudya ndi khalidwe la banjalo. Likhozanso kupereka kaye chilolezo chongoyembekezera kuti lione mmene zikuyendera.

Koma mfundo imene inatchuka kwambiri ndi ya gawo 3, ndime 5. Imeneyi imaletsa khoti kupereka mwana kwa munthu amene sakhala m'Malawi. Mu Okutobala 2006 woimba wa ku America, Madonna, anapatsidwa chilolezo cha miyezi 18 chotenga David Banda, mwana wa chaka chimodzi wa pa Home of Hope ku Mchinji, amene bambo ake anali moyo. Anapita naye ku London, ndipo mu Meyi 2008 Jaji Andrew Nyirenda anatsiriza nkhaniyo momukomera. Atabweranso mu 2009 kudzapempha Chifundo James, amene ambiri timamudziwa kuti Mercy, wa pa Kondanani ku Bvumbwe, zinthu zinasintha. Pa 3 Epulo Jaji Esme Chombo anakana. Anati munthu amene wangofika masiku ochepa apitawo sangatchedwe wokhala m'dziko, ndipo anachenjeza kuti kufewetsa mfundoyi kukhoza kutsegulira khomo anthu ozembetsa ana. Pa 12 Juni chaka chomwecho Khoti la Apilo, motsogozedwa ndi Jaji Wamkulu Lovemore Munlo, linatembenuza chigamulocho. Linaona kuti kukhala m'dziko sikuyezedwa ndi kuwerenga masiku kokha, linaganizira ntchito zachifundo zimene mayiyu ankachita kuno, ndipo linaika patsogolo ubwino wa mwanayo. Mu Febuluwale 2017 Jaji Fiona Mwale anamulolanso kutenga mapasa aakazi a ku Mchinji konko.

Anthu anakangana kwambiri pa wailesi ndi m'maminibasi, ena kuti ndalama zalankhula, ena kuti ana apeza mwayi. Ine maganizo anga ndi akuti nkhawa ya Jaji Chombo inali ndi mutu, ngakhale anagonja, chifukwa si aliyense wobwera kudzatenga mwana amene dziko lonse likumuyang'ana ngati mmene linkamuyang'anira Madonna. Koma chimene chikutikhudza ife a kumalire ndi theka lachiwiri la ndime yomweyo, limene pa mkangano uja silinkatchulidwa. Limati mwananso amene akutengedwayo akhale wokhala m'Malawi. Ndiye kuti mwana amene ali ku Milange lero simungamutenge kudzera kukhoti la kuno. Nkhani yake ndi ya khoti ndi a zachisamaliro cha anthu a ku Mozambique. Kumuwolotsa usiku kuti mawa mukanene kuti amakhala kuno si nzeru, ndi mlandu. Za mwana amene wakhala nanu zaka zambiri ndi zina: pitani naye ku Social Welfare, mukafotokoze mmene anabwerera popanda kubisa, iwo akakuuzeni poyambira. Amene mulibe ndalama ya loya, a Legal Aid Bureau anaikidwira anthu ngati inu.

Unzika sutsatira chikondi

Malamulo aakulu a dziko lino, m'gawo 23, amati mwana aliyense ali ndi ufulu wokhala ndi dzina komanso dziko lake. Koma dziko lakelo ndi liti? Lamulo la unzika la 1966 limayang'ana makolo omubereka. Mwana wobadwira kunja ndi Mmalawi kuyambira tsiku lobadwa ngati bambo kapena mayi ake ndi Mmalawi wobadwira kuno. Apa ndi pamene mabanja ambiri amadzivutitsa chabe. Ngati mlongo wanu anabadwira kuno kwa Milonde, n'kukakwatiwa kutsidya, n'kuberekera komweko, mwana wakeyo sakupempha unzika ngati mlendo. Ndi wake kale. Chimene chikufunika ndi umboni wa zinthu ziwiri: kuti malemuwo anali Mmalawi, ndiponso kuti mwanayu ndi wawodi. Chiphaso cha malemu ngati analembetsa mu 2017, kalata ya mfumu ya mudzi umene anabadwira, buku lawo la kuchipatala, pepala la kubadwa kwa mwana la ku Mozambique lokhala ndi dzina la mayi, zonsezi ndi chuma. Tili ndi chizolowezi chotaya kapena kuotcha mapepala a munthu akamwalira. Pakhomo pamene patsala ana, chizolowezi chimenechi n'choopsa.

Kale munthu wokhala ndi unzika wa mayiko awiri ankayenera kusankha umodzi akafika zaka 21. Mu Disembala 2018 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulolo kuti unzika wa mayiko awiri uziloledwa. Za mmene zimayendera pa mwana wanu, kafunseni ku Imigireshoni iye asanakule.

Nanga ngati makolo onse awiri anali a ku Mozambique? Pamenepo mwanayo ndi nzika ya Mozambique, ngakhale atayamwa kuno, ngakhale atamaliza Fomu 4 kuno. Poyambira ndi kumulembetsa kwawo, ku ofesi ya Registo Civil ya m'boma limene anabadwira, kuti akhale ndi pepala la dziko lake. Ofesi ya kazembe wa Mozambique ku Blantyre imathandizanso nzika zawo pa za mapepala. Akakhala ndi zimenezo, kukhala kwake kuno kumafuna chilolezo cha a Imigireshoni. Zilolezozi zilipo zamitundumitundu: cha mlendo wongocheza, cha mwana wasukulu, chokhala kwa kanthawi, ndi chokhazikika chimene sichifuna kumangokonzanso. Kapepala kodutsira pa chipata cha Muloza, kaja timatenga popita kumsika kapena kumaliro, si chilolezo chokhala m'dziko. Ndi ka ulendo waufupi basi. Unzika weniweni wa Malawi, kwa amene sanabadwe nawo, umachita kupemphedwa, ndipo boma limavomera kapena kukana. Munthu wamkulu wochokera kunja amayenera kukhala kuno mwalamulo kwa zaka zingapo asanapemphe kusandutsidwa nzika. Tamvani mawu akuti mwalamulo. Zaka zimene munthu wakhala mobisala sizimuthandiza pa tsiku limenelo.

Mayiko amasiyana pa nkhaniyi. Malamulo aakulu a Mozambique amanena mwachindunji kuti mwana wotengedwa kotheratu ndi nzika ya dzikolo amalandira unzika wa Mozambique. Choncho musaganize kuti zimene munamva kwa mbale wanu wa ku Quelimane kapena wa ku Joni n'zimene zili kuno. Khoti likakupatsani mwana wochokera kunja, musapinde chigamulocho n'kuchiika pansi pa sutikesi. Pitani nacho ku Imigireshoni mukafunse funso limodzi lomveka bwino: mwanayu tsopano ndi nzika ya dziko liti, ndipo chatsala n'chiyani?

Amene akuona ngati ndikukulitsa nkhani amve zimene zinachitika ku America, dziko la maofesi ndi makompyuta. Kwa zaka zambiri mabanja a kumeneko ankatenga ana ku South Korea ndi mayiko ena. Makhoti ankavomereza, ana ankasintha mayina, koma unzika unkafuna pempho lapadera, ndipo makolo ena sanapemphe, kaya chifukwa chosadziwa kaya chifukwa chosasamala. Lamulo la Child Citizenship Act litayamba kugwira ntchito pa 27 Febuluwale 2001, ana otere anayamba kulandira unzika popanda pempho lina, koma amene anali atakwanitsa kale zaka 18 anatsala kunja. Mmodzi wa iwo ndi Adam Crapser, amene anatengedwa ku South Korea mu 1979 ali ndi zaka zitatu. Anakulira ku America, anakwatira, anabereka ana. Atapita kukakonzetsa chilolezo chake chokhala m'dziko, boma linaona milandu yake yakale, ndipo poti sanali nzika, mu 2016 linamubweza ku South Korea ali ndi zaka 41, kudziko limene chilankhulo chake sankachidziwa. Akanakhala nzika, milanduyo ikanathera kukhoti ndi kundende monga zimakhalira ndi wina aliyense. Chinamuchotsa pakati pa ana ake ndi fomu imene akuluakulu sanalembe iye ali mwana.

Khadi la Chipwitikizi lija

Tibwerere kuntchito yanga. Mwana akabwera kuchokera kutsidya ndi khadi la kusikelo la kumeneko, amayi ambiri amalibisa kapena kulitaya, n'kukatenga latsopano ngati kuti mwanayo sanapiteko kusikelo chibadwire. Amaopa kuti akabwezedwa. Musatero. Khadi limenelo limauza namwino kapena mlangizi wa zaumoyo katemera amene mwana analandira kale ndi amene watsala. Kuno mwana amalandira katemera wa chifuwa chachikulu ndi wa poliyo akangobadwa, ena pa masabata 6, 10 ndi 14, wa chikuku pa miyezi 9 ndi 15. Mwana wosamuka pakati pa ndondomekoyi ndi amene amaphonya. Tisaiwale kuti mu Febuluwale 2022 boma linalengeza kuti poliyo wapezeka mwa mwana wina ku Lilongwe patatha zaka 30 asakuoneka, ndipo mu Meyi chaka chomwecho anapezekanso m'chigawo cha Tete. Matenda sadikira chidindo pa chipata.

Chinanso, funsani abale a kumeneko ngati mwana ankamwa mankhwala alionse, makamaka ma ARV kapena a chifuwa chachikulu, komanso chimene chinatenga mayi ake. Funso limeneli ndi lolemera pa maliro, koma ndi losavuta kuposa kudzazindikira mwana atafooka. Ngati ankalandira mankhwala, tengani khadi lake ndi botolo lomwe, ndipo mufike naye kuchipatala sabata yomweyo mankhwala asanathe. Ngati simukudziwa, kamuyezetseni.

Koma khadi lija lili ndi ntchito yachiwiri. Pamakhala dzina la mwana, dzina la mayi, tsiku lobadwa ndi dzina la chipatala. Kwa ana ambiri a m'midzi, ili ndilo pepala lokhalo padziko lapansi lolumikiza mwanayo ndi mayi ake. Likulungeni m'pulasitiki, mulijambule pa foni, mukapangitse fotokope. Lembaninso m'kope mayina a mudzi wa kutsidya, mfumu yake, abale a bambo ndi a mayi, ndi anthu awiri amene analipo tsiku limene munapatsidwa mwanayo. Lero mukuwakumbukira onse. Zaka khumi zikubwerazi ena adzakhala atamwalira, ena atasamukira ku Mocuba.

Njira yachidule

Ndiyenera kunena za chinthu chimene tonse tikuchidziwa. Njira imene ambiri amatsata ndi yongomulembetsa mwanayo ngati wobereka okha, wobadwira m'mudzi muno, mfumu n'kusaina. Ndikumvetsa chifukwa chake. Ulendo wa kuboma ndi ndalama, wa ku Blantyre ndi ndalama zambiri, ndipo munthu amaopa kuti akanena zoona amulanda mwana. Komabe sindingalimbikitse zimenezi, ndipo si chifukwa choti bodza ndi tchimo chokha. Lamulo la kalembera, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2015, limati mwana wobadwira m'Malawi alembetsedwe pasanathe masabata asanu ndi limodzi, ndipo kupereka uthenga wabodza polembetsa ndi mlandu, kwa inu ndi kwa wokuchitirani umboni. 

Kuposa apo, bodzalo limamuba mwanayo. Pepala likanena kuti mayi ake ndi inu, ndiye kuti mayi ake enieni afafanizidwa, pamodzi ndi munda wawo kutsidya ndi abale ake a bere limodzi. Ngati malemuwo anali Mmalawi, mwataya njira yoona imene inali yotseguka n'kusankha yabodza imene ingatsekedwe tsiku lililonse. Ndipo m'mudzi mulibe chinsinsi. Tsiku la mkangano wa malo, munthu woyamba kuimirira n'kunena kuti "ameneyu si wa pano, anabwera pa njinga" amakhala wa m'banja momwemo.

Pamene mwana wathu ndiye akupita

Nkhaniyi ili ndi mbali inanso, pakuti ana sangolowa, amatulukanso. Azakhali a ku Joni atumiza uthenga kuti mtsikanayo abwere adzaphunzire. Kapena mlendo wachifundo wafika kudzera kumalo osungira ana amasiye, akuti amutenga mwana apite naye kunja. Agogo atopa, chakudya chavuta, ndani angakane?

Musanadinde chala pa pepala lililonse, wina amene si wa mbali ya wotengayo akuwerengereni m'Chichewa kapena m'Chilomwe. Kuvomera kuti mwana atengedwe kotheratu si kumubwereketsa. Khoti likagamula, udindo ndi ufulu wonse wa kholo umachoka kwa inu kupita kwa winayo. Mawu oti "adzabwera akamaliza sukulu" kapena "tizidzakutumizirani zithunzi" ndi lonjezo lapakamwa, ndipo mwana akakwera ndege mulibe khoti la kuno limene lingakafike kumene ali. Pali pangano la mayiko la ku The Hague la 1993 limene linakonzedwa kuti maboma awiri, la kumene mwana akuchokera ndi la kumene akupita, azigwirizana mwana asananyamuke, kuphatikizapo kutsimikiza kuti akaloledwa kulowa ndi kukhazikika kumeneko. South Africa inalowamo mu 2003, Zambia mu 2015, pomwe Malawi wakhala kunja kwa panganoli kwa zaka zambiri. Mayiko ena anachita kutseka khomo: Ethiopia, imene inkatumiza ana ambiri kunja, inaletsa zimenezi mu Januwale 2018. Choncho funso la unzika mulifunse nokha, pamaso pa a Social Welfare: mwanayu akakafika adzakhala nzika, kapena adzakhala ndi chilolezo chotani, ndipo chidzatha liti?

Za ku Joni ndiye zofala kwambiri kuno. Pasipoti ya Malawi imakulolani kucheza ku South Africa masiku 30 popanda viza. Masikuwo akatha, mwana amene anapita "kukaphunzira" amakhala wopanda chilolezo, ndipo mwana amatsamira pa mapepala a munthu amene akumulera. Ngati azakhaliwo nawonso masiku awo anatha kalekale, alibe chomupatsa. Akakula amadzapezeka kuti kumeneko si nzika, kuno analibe kalata ya kubadwa. Oipitsitsa ndi maulendo opereka mwana kwa dalaivala kapena kwa munthu wodziwa njira zam'tchire. Mu Julayi 2016 apolisi a ku South Africa anaimitsa lole pafupi ndi Rustenburg n'kupezamo ana ndi achinyamata 57 a ku Malawi atatsekeredwa kumbuyo. Lamulo lathu lothana ndi kuzembetsa anthu la 2015 limapereka chilango chofika zaka 21 m'ndende kwa wozembetsa mwana, ndipo kunena kuti makolo anavomera sikumupulumutsa. Mukakayikira za ulendo wa mwana wa pafupi nanu, uzani apolisi, wogwira ntchito yoteteza ana wa m'dera lanu, kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana.

Ngati mwafufuza zonse ndipo ulendo ndi woona, mwana achoke ndi pasipoti yakeyake, kalata yake ya kubadwa, kalata yosainidwa ya makolo kapena ya womuyang'anira mwalamulo, ndi buku lake la kuchipatala. Fotokope ya pepala lililonse itsale kuno kwa mwinimbumba, pamodzi ndi adiresi yeniyeni ya kumene akupita, dzina la sukulu, ndi tsiku limene chilolezo chake chidzathe.